Sikelo Yanga Yatsala ku Kabulonga

Kabwata,
Lusaka.

Wokondedwa mng'ono wanga make Thandazani,

Ndayamba ndi moni. Uli bwanji kumeneko ku Chadiza? Mwendo uja unkatupa nthawi yokolola unaphwa? Nanga alongo athu, chifuwa chija chinawasiya, kapena akadali kutsokomola fodya ali m'manja? Ine kuno ndili bwino, kungoti mawondo ayamba kudandaula ndikamakwera masitepe a pa fulati. Kunja kwatentha, madzi pa mpopi akubwera mwa apo ndi apo, koma tikukhala. Mwana wako nayenso ali bwino, masaya abwerera.

Usadabwe kuti ndalemba kalata chonsecho foni uli nayo. Foni yakoyo imalankhula mokuwa, mudzi wonse umamva, ndipo kuno mwanayu sakhala patali ndi ine, makutu ake ndi akuthwa. Nkhani iyi ndi ya ine ndi iwe. Uwerenge uli wekha kuseri kwa nkhokwe, ndipo ukapeza polakwika usaseke, sukulu yanga ukudziwa pomwe inathera.

Choyamba, siya chilichonse chimene wagwira, uimbe nthungululu. Thandazani wakhoza! Wakhoza zonse za chaka choyamba ku yunivesiti, ndipo fiziki ija inkamuliza waiponda pakhosi. Amusankha kupita ku uinjiniya. Mwana wathu, iwe! Yemwe uja ankathawa nkhuku ya anapiye. Uthenga unandipeza ku City Market ndikukangana ndi kasitomala za nyemba za kabulangeti. Ndinamusiya munthuyo ali chiimire, ndinavina pakati pa njira mpaka chitenje kumasuka. Anzanga a pa mzere wa kapenta anabwera akuthamanga, ankayesa ndalumidwa ndi chinkhanira. Atamva nkhani yake nawonso analowa m'bwalo. Mpaka lero ndikangokumbukira ndimaseka ndekha m'minibasi, anthu n'kumandiyang'ana.

Koma paja amati walira mvula walira matope. Matopewo ndi amene ndakulembera.

Ndiyambire kumayambiriro, chifukwa pa foni ndinkakubisira kuti ungadwale nazo mtima. Mayeso oyamba a fiziki mwanayu anagwa chagada. Anabwera kunyumba maso ali psuu, n'kugona osadya. Ati kumeneko ukalephera fiziki chaka choyamba, za uinjiniya uiwale, amakuponya kwina kumene sunafune. Ine ndinamuuza kuti andiwerengere mafunsowo, ndimve chimene chikumuliza mwana wanga. Mayo ine! Mafunso ake ndi a anthu osowa chochita. Ati munthu wakwera makwerero otsamira khoma, nena kuti afika pati makwererowo asanaterereke. Ine ndinati bwanji osangoitana mnzake agwire pansipo? Lina ati bokosi likutsetsereka pa thabwa lopendekeka, lifika pansi likuthamanga bwanji. Lina ati galimoto yagwira mabuleki, ikaima patali bwanji. Lina ati waya wapachikidwa katundu, watamuka motani. Ndiye muli chingwe china chimene amati chilibe kulemera ndipo sichitamuka. Ndinamufunsa kuti chimagulitsidwa shopu iti ku Kamwala, ndikagule choyanikira zovala. Anaseka misozi ili m'masaya, koma kuseka sikukhozetsa mayeso. Nzeru zanga zinathera pomwepo. Ndinangomuphikira tiyi.

Manje apa ndi pamene analowera mlamu wako Salifyanji, mlongo wake wa malemu Abson. Ukumukumbukira, uja pa maliro anavala magalasi akuda osavula mpaka kumanda. Kuchokera tsiku lija tinaika mwamuna wako, mkazi ameneyu sanabwerepo ngakhale ndi sopo wa mwana. Thandazani unandipatsa alibe mano akutsogolo. Chikuku anadwalira pamsana panga, yunifolomu ndinkasoka ndine, atatha msinkhu ndinamulanga ndine. Kwawo ku Kabulonga ndi kuno ku Kabwata si kutali, koma nthawi yonseyo njira sinkaoneka. Atangomva kuti mwana wa Abson ali ku yunivesiti, njira inaoneka. Anabwera ndi galimoto yaitali ngati ya maliro, n'kuimika pomwe ana amasewerera mpira. Analowa ndi ka shani shani kake, moni wa Chibemba uja, n'kukhala kumapeto kwa mpando ngati mpandowo uli ndi nsikidzi. Mwana anamuitana kuti Nalwamba, ati ndilo dzina la akazi a banja lawo kwawo ku Nakonde. Ine ndinamuuza kuti pano timati Thandazani.

Atamva za fiziki anati vuto laling'ono limenelo, mwamuna wake ba Oswell ndi injiniya wa milatho, mwana azipita Loweruka lililonse akamuphunzitse. Ndinafuna kukana. Koma nditayang'ana nkhope ya mwana ndinavomera, mano ali olumana.

Chilungamo ndinene, ba Oswell ntchito amaidziwa, ndipo ndi munthu wofatsa, sindidziwa kuti anamupeza kuti mkazi ameneyo. Matenda a mwanayu anawapeza tsiku loyamba. Ati ankaloweza masamu ngati mavesi a Sande sukulu, ndiye akaona funso ankathamangira kakyuleta asanamve n'komwe nkhani yake. Anamulanda kakyuletayo n'kuitsekera mu dirowa. Lamulo lawo ndi lakuti yamba wajambula chinthucho. Ukajambula, ika muvi pa mphamvu iliyonse imene ikuchikoka kapena kuchikankha. Muvi woloza pansi wa kulemera kwake, muvi wa khoma limene likukankha, muvi wa chingwe, muvi wa kukhulana kwa pansi kumene kukukaniza kuterereka. Ukatero lemba zimene wapatsidwa, ndi chimene akufuna. Manambala amabwera pomalizira. Ndipo yankho likatuluka uliyang'ane kumaso ngati ndi lanzeru, chifukwa pa mayeso aja mwanayu analemba kuti munthu wa pa makwerero akulemera kuposa basi, osadabwa n'komwe.

Ukuona, ine ndaloweza zonsezi. Ndazimva kambirimbiri, chifukwa m'nyumba muno munangoti ankolo Oswell ati, ankolo Oswell ati, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Ngakhale mchere ukachepa m'ndiwo ndinkadikira kumva kuti ankolo Oswell ati chiyani.

Nyumba yanga inasanduka sukulu. Khoma la pakhonde analidzaza mivi ya makala, ndatsuka koma ikuonekabe. Ndikayanika bulangete lonyowa, iye n'kuima kumayang'ana chingwe, ati mami, mukudziwa chifukwa chake chingwe chokhala ndi katundu sichingawongoke ngakhale mukoke bwanji? Ine ndinkati ndikudziwa kuti bulangete likagwa wochapanso ndiwe. Thabwa langa lodulirapo masamba analitenga, kuikapo sopo, kumapendeketsa pang'onopang'ono mpaka sopo ayambe kutsetsereka, ndiye n'kuyeza kupendekeka kwake. Kenaka kuikapo mbale, kenaka nsapato yanga ya ku tchalitchi. Tsiku lina anandiimika pamwamba pa masitepe ndi mbatata ziwiri, yaikulu ndi yaing'ono, ati ndizitaye nthawi imodzi aone ngati zifika pansi pamodzi. Zinafikadi pamodzi, pafupi ndi phazi la mneba wathu wa pansi, amene mpaka lero moni wake ndi wapakamwa chabe.

Ntchito yanga inali kugwira. Mami gwirani apa. Mami musagwedere. Mami mwapuma mwamphamvu, tiyambirenso. Ndinagwira, mwandi, mpaka manja kuchita dzanzi. Koma Loweruka likafika, amene ankaona mapepala n'kunena kuti wachita bwino anali a ku Kabulonga. Ankabwerako akununkhira sopo wina, atadya zakudya zoti mayina ake sindiwadziwa, chibwabwa changa chotendera n'kungochilawa ndi nsonga ya chala. Mayeso achiwiri atatuluka bwino, ukudziwa amene anamva poyamba? Anaimbira ku Kabulonga ali pa geti la sukulu. Ine ndinamva madzulo, nkhani itazizira kale ngati tiyi wotsala. Ndinasekerera, ndinamukumbatira, koma mkatimu munali ngati ndameza khala.

Manje imva za sikelo. Ukuidziwa sikelo yanga ya mbedza, ija ndimapimira nyemba kwa anthu ofuna makilo osafuna meda, kachitini koyezera kaja. Atafika pa phunziro la zinthu zotamuka, mwana anati ankolo Oswell ali ndi tisipuling'i tating'ono timene amapachikapo tizitsulo. Ine ndinati tizitsulo ta chiyani, kuno tili ndi sikelo yeniyeni yogwira ntchito. Lamulungu lina titaweruka ku tchalitchi anaichotsa chivundikiro chake, sipuling'i n'kukhala poyera, tinaipachika pa msomali wa felemu ya chitseko. Iye anaimika rula pambali. Ine ndinkapachika mapaketi a shuga mu pulasitiki, iye n'kumawerenga pa rula. Paketi imodzi, sipuling'i yatsika pang'ono. Awiri, yatsika kawiri kwake. Atatu, katatu. Ukachotsa, yabwerera pamalo pake ngati palibe chachitika. Iye n'kumaika timadontho pa pepala, timadonthoto n'kupanga mzere wowongoka bwinobwino. Zinandikoma, ndisaname. Tsiku limenelo tinali awiri chabe, ine ndi mwana wanga.

Ndiye foni inalira. Salifyanji. Mwana anatuluka nayo pakhonde, ndipo ndinkamumva, ba anti izi, ba anti izo, akuseka kuseka kwake kuja kochokera m'mimba. Anachedwa. Ine ndili chiimire ndi shuga m'manja ngati wantchito. Mtima unatentha. Ndinati a ku Kabulonga amapachika tizitsulo, ine ndimuonetse mwanayu katundu weniweni, akamalowa apeze mzere wake wafika kudenga. Ndinachotsa shuga, ndinanyamula chigubu chachikulu chodzaza, chija timasungira madzi mpopi ukauma, n'kuchikoloweka pa mbedza. Sipuling'i inangoti nyuu, mpaka chigubu kukhala pansi. Nditachotsa, ayi ndithu, siinabwerere. Inangokhala ili lende ngati matumbo a nkhuku.

Ndinayembekeza kuti mwana akalipa. Atalowa anaima, kuyang'ana, kenaka anakuwa mpaka aneba kusuzumira. Kukuwa kwa chimwemwe! Ati mami, ndi zimenezi, ndi zimenezi zimene sindinkamvetsa! Ati m'buku mzere uja umawongoka kenaka n'kupindika kumapeto, ndipo iye ankangoloweza kuti umapindika osadziwa chifukwa chake. Ati chinthu chilichonse chotamuka chili ndi malire ake. Mkati mwa malirewo chimabwerera ndipo masamu ake amayenda, koma ukadutsa, masamu aja sagwiranso ntchito, chinthucho chimatamukiratu. Anandikumbatira, n'kuijambula pa foni mbali zonse. Ine ndinasowa chochita, kulira sikelo yanga kapena kuseka. Ndipo pa mayeso omaliza funso lotero linabweradi, la waya wopachikidwa katundu wopitirira. Anzake ambiri anangowerengera ngati wayayo akadali bwino, iye anauona msampha. Ndiye iwe undiuze, make Thandazani, m'kukhoza kumeneku mulibe dzanja langa?

Zotsatira zitatuluka, Salifyanji anakonza phwando kwawo. Sanandifunse, anangotumiza uthenga wa nthawi yofikira. Ndinavala chitenje chija unandigulira ku Chipata, tinakwera minibasi ndi mwana. Nyumba yake usafunse. Udzu wa pabwalo umamwa madzi kuposa ife a ku Kabwata. Agalu ali ndi nyumba yawoyawo. Kunadzaza abale awo ndi anzawo a kuntchito, Chizungu ndi Chibemba zikungosakanikirana. Ine ndinanyamula chikanda chimene ndinaphika ndekha. Anachilandira n'kuchipititsa kukhitchini, pa tebulo sindinachionepo.

Itafika nthawi yolankhula, Salifyanji anaimirira n'kugwira mwana paphewa. Ati uyu ndi Nalwamba wathu, magazi a Abson, nzeru za kwathu sizitayika. Anthu m'manja. Ati tithokoze ba Oswell amene anamutola pansi n'kumuimika. Anthu m'manja. Kenaka anandiloza ndi chala cha mphete, ati ndipo awo akhala apowo ndi ba Emmy, amene amatisungira mwana ku Kabwata.

Amatisungira. Ngati mbuzi yoikiza.

Koma ine ndinapita nditakonzeka, chifukwa mtima unandiuziratu kuti kumeneko akandifufuta. M'chikwama ndinali nditakulunga sikelo ija mu kansalu. Ndinaimirira osaitanidwa. Ndinatsegula chikwama. Ndinaitulutsa, sipuling'i ili lende, n'kuikweza m'mwamba. Ndinati ine Chizungu sindidziwa, koma onani sikelo iyi, inafera mwana ameneyu m'nyumba mwanga. Mayi wina anatsamwa ndi juwisi. Mwana anabisa nkhope m'manja.

Amene anadumpha ndi ba Oswell. Anabwera mothamanga ngati mwana waona switi, anailandira ndi manja awiri, kuitembenuza uku ndi uku, ati iyi ndiye fiziki yeniyeni. Ndinati eya, lero ndaoneka. Koma kenaka anaitana Thandazani, ati bwera ufotokozere alendo chimene chinachitika apa. Mwana anafotokoza bwino, mopanda mantha, za malire aja, manja akujambula m'mwamba. Ine misozi inalengeza, kumuona mwana wathu akulankhula pamaso pa mabwana onse aja iwo ali chete. Atamaliza anthu anaimirira kuomba m'manja. Ndipo ukudziwa ankati chiyani? Ati ba Oswell mwaphunzitsa! Ba Oswell ndinu mphunzitsi! Bambo wina wa chimimba mpaka kukawagwira chanza. Sikelo yanga, chigubu changa, msana wanga umene unanyamula chigubucho, koma chanza kwa ba Oswell.

Pomaliza anandipempha mwaulemu kwambiri, mpaka kuwerama, kuti ndiwasiyire sikeloyo akaipachike mu ofesi yawo, aziphunzitsira ainjiniya atsopano. Pamaso pa anthu onse aja ndikanakana bwanji? Ndinapita ndi umboni wanga, ndinabwerako ndi kansalu chabe.

Tisananyamuke, Salifyanji anatitengera ku chipinda china. Bedi, tebulo lowerengera pansi pa windo, shelefu ya mabuku, nyale yakeyake. Ati chipinda ichi ndi cha Nalwamba sukulu ikatsegulira. Ati kuno magetsi sazima chifukwa ali ndi sola, phokoso kulibe, ndipo ba Oswell amadutsa pa geti la yunivesiti m'mawa uliwonse. Ati uinjiniya si wowerengera pa mwendo. Kenaka anandipempha nambala yako, ati nkhani yotere ndi yofunika kukamba ndi mayi wake weniweni. Weniweni! Ine ndili pomwepo, akundiyang'ana m'maso. Ndinamuuza kuti nambala sindinailoweze. Koma kwa mwana adzaipeza, ndikudziwa, ndi chifukwa chake ndathamangira kalata.

Pobwerera tinakweranso minibasi. M'njira ndinamufunsa mwana kuti nanga iwe ukufuna chiyani. Ati mami, ine sindisankha, chimene inu ndi amayi a ku Chadiza munene ndi chomwecho. N'kutsamiritsa mutu paphewa panga. Koma ine maso ndili nawo. Ndinamuona m'chipinda muja mmene anasisitira tebulo lija ndi chikhato, monga mmene iwe umasisitira nsalu m'sitolo ukaikonda koma osafuna kunena.

Ndakhala ndikulimbana nazo. Poyamba ndinkafuna kukulembera kuti ukane basi, uwauze kuti mapanga awiri avumbwitsa. Kwathu mwana ndi wa kuchikazi, iwo a ku Nakonde akhale ndi mwambo wawo wa kuchimuna. Koma ndikayang'ana muno, ndikuona zimene Salifyanji anaona tsiku lija anabwera. Magetsi apita, abwera, apitanso. Bala la mowa la kuseri kwathu likayamba nyimbo, makapu amavina mu kabati. Tebulo ndi limodzi, lomwelo ndimasankhirapo nyemba. Kupita ku sukulu mabasi awiri, kudzera m'tauni, mvula ikagwa amafika atanyowa mpaka mabuku. Ndipo mafunso akubwerawa akuti ndi a milatho ndi nsanamira za nyumba zosanja, ine ndidzamugwirira chiyani pamenepo? Chimene chikundiwawa n'chakuti mkaziyo akunena zoona. Akananama bwenzi zili bwino.

Ndiye pempho langa ndi ili, limodzi chabe. Salifyanji akakuimbira, usavomere ndipo usakane. Umupatse moni bwinobwino, umufunse za pakhomo, ndiye umuuze kuti nkhani ya mwana ameneyo siikambidwa ku Chadiza, mayi wake ali ku Kabwata, akapemphe kumeneko. Umufotokozere kuti kwathu mkulu wa mayi ako si anti, ndi mayi ako wamkulu, ndipo mawu ake ndi mawu a mayi. Ulankhule pang'onopang'ono, ndi wophunzira, amva. Alongo athu nawonso uwauze, monga eni mbumba, kuti akafunsidwa ayankhe chimodzimodzi. Ukuwadziwa, munthu wa galimoto akangowatchula kuti bwana amavomera asanamve funso.

Ndikufuna abwere onse awiri, iye ndi ba Oswell. Akwere masitepe anga, akhale pa mipando yanga, adye chimene ndaphika. Ndidzaitana anzanga awiri a Chigwirizano akhale mboni, atavala yunifolomu. Salifyanji anene ndi pakamwa pake, mwana akumva, kuti tabwera kudzapempha mwana kwa mayi wake. Akatero ine ndidzayamba ndakhala chete, ndiyang'ane pansi, ndikonze duku, thukuta limutuluke pang'ono.

Kenaka ndidzavomera. Izi ndikuuza iwe wekha, usauze munthu, ngakhale mwanayo. Ndidzavomera chifukwa sindinamulere kuti adzathere pa tebulo la nyemba. Koma kupereka ndi kulandidwa n'zosiyana. Ndikufuna chikwama chake ndinyamule ndine mpaka pa galimoto, aneba aone kuti Emmy wapereka mwana ku sukulu ndi manja ake. Loweruka madzulo azibwera kudzagona kuno, Lamulungu tizipita limodzi ku tchalitchi, pamenepo palibe kukambirana. Ndipo tsiku lovala chisoti cha digiri, mipando ya kutsogolo ndi ya ine ndi iwe. Salifyanji akhale kumbuyo kwathu, azitigwirira zikwama.

Ukangomuuza pa foni kuti mutengeni, mwana adzapitabe chimodzimodzi, koma ine ndidzatsala ndili ndani m'nyumba muno? Ukudziwa kuti Mulungu sanandipatse wa m'mimba mwanga. Anandipatsa kudzera mwa iwe. Chonde mng'ono wanga, usandilande pa foni.

Undiperekere moni kwa alongo athu ndi alamu, kwa azakhali a kutsidya kwa dambo, kwa apongozi ako ngati amakuyenderabe, ndi kwa ana onse a mbumba yathu. Uwauze atsikana a kumeneko kuti nawonso alimbike, mnzawo wawatsegulira njira. Abusa uwapemphe aike chiyamiko Lamulungu, atchule dzina la mwana momveka. Wa basi amene wanyamula kalatayi ndamupatsanso kapenta wa ku Mpulungu, ugaweko kwa azakhali. Ukawerenga kalatayi undiimbire, koma ukamva kuti mwana ali pafupi ungonena kuti kapenta wafika, ine ndidzadziwa kuti wamva.

Mulungu akusunge mpaka tidzavinire limodzi.

Ndine mkulu wako,
Emmy,
make injiniya.